Chilonda cha opaleshoni chimene chinakana mankhwala

Chizindikiro choyamba chinali kutentha thupi. Inali nyengo yokolola, patangopita masiku ochepa nditatuluka m'chipatala momwe anandichita opaleshoni pobereka mwana wanga wachitatu, Chisomo. Kwathu ku Thambani aliyense ankati ndi kutopa kwa uchembere, kutha kokha. Kenako chilonda cha pamimba chinafiira, chinatupa, n'kuyamba kutuluka mafinya onunkha. Amuna anga ataona kuti ndikulephera kudzuka pamphasa, anandikweza matola kubwerera nane kuchipatala.

Achipatala anandigoneka tsiku lomwelo. Anamasula ulusi, anafinya chilondacho, n'kuyamba kundibaya jakisoni wa mumtsempha. Moyo wa muwodi unali umodzimodzi tsiku lililonse: m'mawa kuyeza kutentha kwa thupi, kenako kutsuka chilonda, kenako kudikira madokotala. Kutsukako kunkawawa moti ndinkaluma chitenje. Mankhwala oyamba atatha, thupi linali likutenthabe. Anandipatsa ena, koma osaphula kanthu. Amayi amene anabwera m'mbuyo mwanga ankachira n'kumapita kwawo, ine ndili pabedi lomwelo.

Zitatero, anatenga mafinya kukawayeza ku labotale ya m'tauni. Kudikira zotsatira kunandivuta kuposa ululu. Mkaka unayamba kuchepa m'mawere, ndipo Chisomo ankalira chifukwa chosakhuta. Achemwali anga, amene ankandidikirira, ankamubereka n'kumazungulira naye panja. Kumudzi kunamveka mphekesera yoti ndalodzedwa, ndipo apongozi anatumiza uthenga woti anditulutse tikayese kwina. Amuna anga anakana.

Zotsatira zitabwera, adokotala anakhala pampando pafupi ndi bedi langa. "Mayi, tizilombo tili m'chilondamu n'tamakani, sitikumva mankhwala amene timapereka nthawi zonse. Toteretu tikuchuluka m'zipatala chifukwa anthu ambiri akumwa makapisozi mwachisawawa, ena osamaliza. Mankhwala opha tizilomboti alipo, koma ndi osowa. Tichita kuitanitsa."

Anandisamutsira m'kachipinda kandekha kuti tizilomboto tisafalikire kwa odwala ena. Aliyense wolowa ankavala magolovesi, n'kusamba m'manja potuluka. Apa ndi pamene mantha anandigwira. M'chipinda choyandikana munali mayi wina wa kwa Nthache amene anali ndi vuto ngati langa. Iye anachedwa kubwera, ndipo tizilombo tinali titalowa kale m'magazi. Anamwalira mankhwala aja asanafike, n'kusiya khanda. Achemwali anga anayesa kundibisira, koma kulira ndinakumva ndekha.

Mankhwalawo atafika, kusintha kunabwera pang'onopang'ono. Thupi linayamba kuzizira, fungo linatha, ndipo ndinayambanso kufuna chakudya. M'mawa wina anamwino akutsuka chilonda anati, "Lero ndiye kwayamba kumera mnofu wabwino." Patapita nthawi anachisokanso. Ndinatuluka kukuzizira kwambiri, nditawonda moti ana anga aakulu anayamba andiyang'anitsitsa asanandithamangire.

Panopa ndili bwino. Ndimalima, ndimatunga madzi, ngakhale chipsera chimakoka ndikasenza katundu wolemera. Chisomo wayamba kuyenda. Makapisozi a pamsika m'nyumba mwanga salowa, ndipo mankhwala amene atipatsa kuchipatala timamaliza onse ngakhale titamva bwino.

Kwa amayi anzanga ndi aliyense wochitidwa opaleshoni ndikuti: chilonda chikayamba kufiira, kutupa kapena kununkha, musanene kuti tione mawa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ena akusekeni kuti ndinu wamantha.