Tinasinthanitsa Goloboyi Wathu

M'zaka zija za chipani chimodzi ndinali mlembi wa timu ya mpira ya pa Nsipe. Ndinkaseweranso kumbuyo, koma ntchito yanga yeniyeni inali kusunga kope la mayina ndi kupalasa njinga kupita ku boma kukakhala zofunika. Timuyo inkayendera mawu a bambo ena achisilamu amene anali ndi golosale m'mbali mwa msewu waukulu. Iwo ndiwo anatigulira majezi ndi mipira iwiri, choncho akalankhula tinkamvera.

Chaka china tinalowa m'gulu la matimu asanu ndi atatu olimbirana chikho cha m'boma lathu. Kuyambira pamenepo wogonja ankatulukiratu. Lamulo linali lakuti timu iliyonse ipereke mayina a osewera ake pofika Lachisanu, ndipo tsikulo likadutsa panalibenso kuwonjezera kapena kuchotsa munthu.

Amene anatifikitsa pamenepo anali goloboyi wathu, mlimi wa kachewere, wamtali, wosakonda zoyankhula. Kutsogolo tinalibe munthu. Tinkapeza chigoli chimodzi movutikira, nthawi zina cha penate, kenako tonse n'kubwerera kumbuyo kukamuthandiza kutchinga mpaka oyimbira athetse mpira. Sunali mpira wokoma kuonera, koma tinkapambana nawo.

Lachitatu masana bambo a golosale aja anatiitanitsa pakhonde pawo. Anati kunabwera anthu a timu ya ku Kandeu, ndipo akufuna kutipatsa womwetsa zigoli wawo, munthu amene anasewerapo m'tauni, kuti ife tiwapatse goloboyi. Pampando wa pambali panakhala atcheyamani a nthambi ya chipani, akungogwedeza mutu movomereza.

Ndinapempha kuyankhula. Ndinati, "Bambo, chigoli chimodzi chimatikwanira chifukwa pagolo pali munthu. Mukamuchotsa, tidzafunika zitatu kapena zinayi. Tizitenga kuti?"

Anandiyankha kuti anthu amabwera kubwalo kudzaona zigoli, osati munthu akuwakha mpira. Nditafunsa amene adzaime pagolo, anatchula aphunzitsi ena a pa pulayimale, amene akuti ankagwira pagolo ali ku koleji. Ndinawakumbutsa kuti aphunzitsiwo amandilekeza m'phewa. Apo atcheyamani anatsokomola, n'kunena kuti chimene chimagwetsa achinyamata ndi kusowa umodzi ndi kusamvera akuluakulu. Masiku amenewo munthu waudindo akatchula umodzi, nkhani inkakhala kuti yatha. Anzanga onse anazyolika. Goloboyi mwiniwakeyo ankangoyang'ana kumsewu, ndipo ine ndinaganiza kuti zamupweteka mtima.

Titabalalika, anthu omwe anazyolika aja anandizungulira kuseri kwa golosale, aliyense akundiuza kuti ndanena zoona. Zimenezo zinandinyansa kuposa za atcheyamani.

Lachisanu ndinapita ku boma, n'kukafufuta dzina la goloboyi wathu ndi dzanja langa lomwe. Kalaliki wolandira mayina anandifunsa kawiri ngati taganiza bwino. Kachiwiriko anali akuseka.

Mpira woyamba unali ku Bwanje. Tinatsika pa lole ya bambo a golosale, ndipo kunkatentha mwakuti ife ozolowera mphepo ya kumtunda tinatopa tisanayambe. Sindinganame, munthu wa ku Kandeu uja ankautha mpira. Tisanakapume anali atamwetsa ziwiri, chimodzi ndi mutu, china atapyola anthu atatu. Bambo aja anandisuzumira ali kunja kwa bwalo, n'kundikwezera zala ziwiri.

Koma a ku Bwanje anali ataona kale msinkhu wa aphunzitsi. Titabwerera anasiya mpira wa pansi, n'kumangoukweza m'mwamba pafupi ndi golo. Aphunzitsi ankadumpha ndithu, ankayesetsa, koma manja sankafika. Mipira iwiri inawadutsa pamutu n'kulowa. Wachitatu anawaphonyoka m'manja. Wachinayi unandigunda ine pabondo n'kulowa, pamene ndinathamangira kukaima pamzere chifukwa ndinali nditasiya kuwakhulupirira. Tinatuluka m'chikho tsiku lomwelo. A ku Kandeu, ndi goloboyi wathu, anakafika mpaka mpira wotsiriza.

Sabata yonse yotsatira, aliyense wogula sopo kapena mchere pagolosale paja ankauzidwa kuti kusinthanako kunali kwanzeru. Bambowo ankati munthu wa ku Kandeu anamwetsa ziwiri monga analonjezera, olakwa ndi otchinga kumbuyo. Dzina langa silinkatchulidwa, koma ana a sukulu ankaloza bondo langa ndikamadutsa.

Patapita miyezi ndinakumana naye goloboyi uja ku msika wa ku Kandeu akugulitsa kachewere. Ndinakhala pansi n'kumupepesa kuti tinamutaya ngati chinthu chosafunika, ndipo ndinamuuza kuti ine ndinayesetsa. Anakanda kumutu kwa kanthawi. Kenako anandiuza kuti anapempha yekha. Anali atatomera mkazi kumeneko, ndipo ulendo wa Loweruka lililonse unkamutopetsa. Ndiye amene anakanong'oneza a timu ya ku Kandeu kuti abwere ndi nkhani yosinthana, chifukwa ankaopa kunena kuti akutisiya.

Ndinamufunsa chifukwa chimene anandilekerera ndikudzitengera mavuto pamaso pa atcheyamani, iye akudziwa zonse.

Anati, "Munayankhula bwino, achimwene. Ndikanakudulani bwanji?"

Anandithirira kachewere m'thumba n'kukana kuti ndilipire. Ndinamanga thumbalo panjinga, ndipo njira yonse ndinkayankhula ndekha. Ku Nsipe sindinauze munthu, chifukwa bambo a golosale akanamva, akanaisandutsa umboni wakuti iwo sanalakwe.

Mvula isanagwe, womwetsa zigoli uja anapeza ntchito ku esiteti ya fodya ndipo ananyamuka osatsanzika. Aphunzitsi anakhalabe pagolo zaka zina zitatu, popeza panalibe wina wofuna malowo, ndipo ine ndinasewera kutsogolo kwawo zaka zonsezo.