Miyendo ya Amai Yatupa, Ba Nesi Ati Pitani ku Polisi

Ba nesi a pa kiliniki ina kuno ku Kafue, munaphunzira unesi kapena upolisi?

Lachiwiri ndinapita ndi amai anga. Miyendo yonse iwiri yotupa, mawanga akuda bii, magazi akuonekera pansi pa khungu. Sanagwe. Palibe anawagunda. Zinangoyamba zokha ali pa tebulo lawo la nsomba ku maliketi.

Tinafika 06:40. Anatiitana 11:15. Maola onsewo amai ali pa benchi, akubuula.

Tilowe, ba nesi maso pa foni. Amai anakweza chitenge. Ba nesi anangosuzumira ali pampando pomwepo. Osagwira mwendo, osayeza BP, osafunsa n'komwe kuti zinayamba liti.

"Nindani anakumenyani, amai?"

Amai anati palibe.

"Bonse bamakamba so. Munkhala na ndani?"

Amai analoza ine.

Mayo ine! Diso limene ba nesi anandiponyera! Ati iyi ndi nkhani yomenyedwa, sangagwire popanda fomu ya ku polisi. Chitseko chili chotsegula, benchi yonse ikumva.

Ndinawauza kuti amai akamatsuka mano, magazi amatulukanso m'kamwa. Namonso ndawamenya? Ati, "Imwe bambo, musaniphunzitse nchito. Wina alowe!"

Ntchito yake iti? Yokanda foniyo?

Tinapitabe ku polisi, amai akukoka miyendo. Wapolisi, mwaulemu ndithu, anati fomu imafuna dzina la womenya. Tilembe ndani? Amai anandiyang'ana, misozi mbwee. Anangonyamula kachikwama kawo, ulendo kunyumba.

Lero kutupa kwafika m'mawondo. Mawanga awonjezeka. Amai akana kupondanso pachipatala chilichonse. Ati bola afere panyumba kusiyana ndi kumangitsa mwana wawo pa mlandu woti kulibe.

Ndakwiya, ndipo sindikubisa. Mwandinyansa. Inu oyang'anira kiliniki imeneyo, tiuzeni: ndi lamulo liti limati wodwala asagwidwe mwendo mpaka wapolisi adinde pepala? Ngakhale akanamenyedwadi, magaziwo akanaima kudikira chidindo?

Anzanga, wanu akatuluka mawanga otere, musataye nthawi pamenepo. Funani dokotala woti ayeze magazi.

Mawa ndikwera nawo minibasi ya ku Lusaka. Ndawanamiza kuti tikukaona mlongo wanga. Ba nesi, mwandifikitsa ponamiza amai anga ondibala kuti aonedwe ndi dokotala.