Mbewa zovala chitupa kumwendo

Lachiwiri lapitali mpongozi wanga, amake Thoko, anandipeza pakhonde ku Nangongwe, kuno ku Kafue, ndikumeta ndevu. Moni analibe. Anangondiyika foni pamphuno.

"Ba tate, onani vamene achita mdzukulu wanu ku Lusaka!"

Pachithunzipo panali Thoko akumwetulira, atanyamula kadzidzi wouma ngati khanda. Kumbuyo kwake njoka zitadzipinda m'mabotolo.

Thokoyu anamaliza koleji, ndipo anamupatsa miyezi ingapo yophunzira ntchito kumalo kosungira nyama zakufa, tizilombo ndi masamba ouma. Akachita bwino mwina angamulembe. Koma amayi apemphero akutchalitchi kwa amake anali atagamula kale kuti zimenezo n'zamdima, mwana asapondekonso.

"Ndimwe bakulu pano. Mumuuze aleke."

Ine ndinati sindingaweruze kadzidzi ndisanamuone. Zoona zake, ndinkangofuna mphepo ya ku Lusaka.

Lachinayi ine ndi Thoko tinakwera minibasi. Ndinavala jekete langa la ku njanji, ndipo mpongozi anandiponyera kabotolo ka mafuta odzozera m'thumba. Sindinakane. Ndani akudziwa?

Abale, ufiti ndinaufunafuna. Ndinapeza fungo la mankhwala a njenjete, basi. Ntchito ya mdzukulu wanga ndi kupukuta fumbi ndi kaburashi, kuwonjezera sipiriti m'mabotolo ndi kukopera timapepala tofufuma. Mfiti yolemba bwino chonchi inu munayiona kuti?

Kenako Thoko anakoka kabati ina. Mbewa! Zitagona pamzere ngati ana a sukulu yogonera komweko, iliyonse ndi kachitupa kumwendo: inagwidwa kuti, liti, ndi yani. Ine mwana wa ku Katete malovu anadzadza m'kamwa.

"Ambuya, manja kumbuyo," anatero Thoko.

"Kodi mchere mumasunga kabati iti?"

Abwana ake, mayi wa magalasi, anaseka mpaka kugwira tebulo. Koma ine kuseka kunandithera nditaona imodzi yofiirira, yamimba yoyera, miyendo yakumbuyo italiitali. Thoko anandiwerengera chitupa chake. Dzina linali lachilendo, lalitali ngati sitima ya katundu, koma malo ndinawamva: Kafue.

"Uyu ndi phanya," ndinatero. "Tinkamukumba pamchenga ku Kafue komweko, pomwe lero pali nyumba zanu za mabuloko. Uyu ndi mende, kanthu aka ndi kapuku."

Amagalasi anasiya kuseka. "Thoko, tenga pensulo. Bambo, bwerezani pang'onopang'ono."

Ine wa Giredi 4, anthu a madigiri akundilemba! Ndinakhosomola kaye kawiri kuti zikome.

Tili m'basi pobwerera ndinadzifunsa: phanya ndinamuona liti komaliza? Sindikukumbuka. Anachoka osatsazika, ndipo palibe anamulira. Ana a ku Kafue Estates amadziwa nyama za pa TV za kumaiko a chisanu, koma chilichonse chamchira kwa iwo ndi khoswe. Ife odziwa maina tikutha mmodzimmodzi, ndipo ife palibe wotimanga chitupa kumwendo.

Vuto lathu ndi ili. Chinthu tikapanda kuchimvetsa, timathamangira kuchidzudzula m'pemphero tisanachifunse dzina. Mwana akagwira ntchito ku banki timaimba nthungululu. Akasunga za m'tchire lathu lomwe, timuyitanira abusa. Kupemphera sindikuletsa, inenso Lamlungu ndimagona pabenchi yakutsogolo. Koma kufunsa kunakhala tchimo liti?

Kunyumba mpongozi anatidikira pageti.

"Mwaona shani, ba tate?"

Ndinalowa m'khitchini n'kutsegula filiji yake. Nkhuku yopanda mutu, mapazi a ng'ombe, nsomba zisanu za mu mtsinje wa Kafue zitatong'ola maso.

"Amake Thoko, mitembo iyi njayani? Inafera kuti? Zitupa zake zili kuti? Bwerani nawo amayi apemphero ayambire muno."

Anayesa kukwiya, koma kuseka kunamupitirira m'mphuno.

Lolemba Thoko anakwera basi kubwerera kuntchito. Amake anadzoza chikwama chake mafuta, ngakhale pensulo, n'kumulamula kuti kadzidzi yekhayo asamamunyamule. Tinavomera.

Ine amagalasi aja andiyitananso Lachinayi, akuti kuli kabati ya mbalame. Inu amene mukundiseka, tandiuzani: mbewa mumadziwa maina angati, ndipo mwana wanu mwamuuzapo angati?