Buku Lokulungira Usipa

Lero ndagula usipa wokulunga m'pepala, ndipo fungo lake landibwezera kumsika wa ku Lirangwe.

Linali Loweruka, cha m'ma teni koloko m'mawa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mabuku a kusukulu ndinali nditawamaliza onse, ngakhale la nyimbo la amayi. Abiti Ndala, ogulitsa usipa, ankakulungira m'masamba a buku lalikulu lachingerezi limene amuna awo anatola kubwalo la ndege ku Chileka. Amayi akandituma, ndinkasunga tsamba lamafutalo, mawu ovuta n'kukafunsa aphunzitsi. Munali nkhani ya mayi wina wosochera m'chipululu. Ine ndinkakhulupirira kuti tsamba lomaliza likapita ndi munthu wina, mayiyo sadzafikanso kwawo.

Tsikulo ndinapeza buku litawonda kwambiri. Poti ndinali mwana wamanyazi, ndinangoima n'kumaliyang'ana.

"Iwe mwana, ukugula kapena ukuwerenga ntchentche?" anatero Abiti Ndala.

"Bukulo musalimalize, mayi. Muli munthu."

Anaseka mpaka kugwira nthiti. "Nanga usipa wangawu uvala chiyani?"

Ndinathamangira kudimba kwa atsibweni, n'kubwerako nditasenza mtolo wa masamba a nthochi. Anawayang'ana, kenaka anandiponyera bukulo.

"Tenga munthu wakoyo, ukam'fikitse!"

M'mawa mwake ndinalisoka ndi singano ya amayi, n'kuyamba kuwerenga. Linanditengera miyezi itatu, koma mayi uja anafika kwawo.

Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo manyazi ndikadali nawo. Koma mwana wanga akadzafuna buku, ndikudziwa kuti pakamwa panga padzatseguka ngati tsiku lija kumsika.