Aphunzitsi Atakana Kukwera Chitunda

Sukulu ndinaisiyira panjira, koma kuwerenga sikunandisiye. Ndimawerenga chilichonse, ngakhale thumba la feteleza, moti mayi a kunyumba amati ndidzadzuka m'bokosi kuti ndione zimene alemba pamtanda. Amene ankandibwereka mabuku ku Manyamula anali aphunzitsi ena a ku Dedza. Atamwalira, ndinali pomwepo ponyamula maliro.

Akulu awo a malemuwo anabwera ndi kapikapu kahayala kokoka ngolo, kuti maliro apite kwawo ku Dedza. Bokosi linalowa m'kapikapu. M'ngolo anayamba kulongezamo za m'nyumba: bedi, mipando, matumba a chimanga, mpaka makina osokera a mayi wamasiye, mwana wa konkuno, amene akanadyetsera ana ake.

"Katundu amatsata mwini wake," anatero akuluwo.

Pachitseko cha dalaivala panali kachitsulo kolembedwa kulemera kumene galimotoyo ingathe kukoka. Ndinakawerenga, n'kuyang'ana ngolo ija.

"Adalaivala, mbuzi simakoka ngolo ya ng'ombe."

"Adada, inu muziwerenga, ife tiziyendetsa."

Tisanafike pa Boma pali chitunda cha dothi lofiira. Kapikapu kanabuula, mphuno ili m'mwamba, kenaka ngolo inayamba kutikokera m'mbuyo pang'onopang'ono. Nyimbo ya amayi inadukira pakati. Tinadumpha n'kutchinga matayala ndi miyala. Dzuwa linali likuswa mtengo.

"Mbwenu aphunzitsi akukana," anatero mayi wina wa kumpingo. "Chilipo chawanyansa."

Akulu aja anayandikira kapikapu. Anagogoda bokosi. "Mng'ono wanga, tiye kwathu, anthu akudikira."

Tinakankha, osasuntha. Tinatsitsa chimanga, ayi. Bedi ndi mipando, ayi ndithu. M'ngolo munatsala makina okha.

"Awa okha tipita nawo," anatero akuluwo.

Dalaivala anayesanso. Matayala anangokumba, fumbi n'kugwera pansalu ya bokosi. Akuluwo anakwera okha m'ngolo, ananyamula makinawo n'kuwaika pamapazi a mayi wamasiye.

"Tengani, alamu."

"Yewo," anathokoza mayiyo, maso ali pabokosi.

Kapikapu kanakwera ngati kalibe kanthu. Iwo anapitirira kukaika maliro, ine ndinatsala pamsewu kulondera katundu mpaka tinamubweza ku Manyamula pangolo ya ng'ombe.

Zimene kachitsulo kaja kananena ndikuzikhulupirira, ngolo inalemeradi. Koma makina aja ndinawanyamulapo ndekha, ndipo thumba limodzi la chimanga limawaposa. Ndafufuza m'mabuku onse amene ndawapeza, za zimenezi mulibe.

Mayi uja akusokabe, ndimamva makinawo ndikamadutsa. Pachitunda paja ndimatsika panjinga, chipewa m'manja. Anyamata a kabaza amati, "Adada, mwendo watha!" Ndimangovomera.