Zala Ziwiri za Bernie Hudak

Bernie Hudak ndinadziwana naye pa fakitale ya zitsulo ku Youngstown, tonse tikungoyamba kumera ndevu. Anali wamfupi, wa khosi lonenepa, wosapsa mtima msanga, koma akapsa pankatha chaka asanazizire. Zinthu zimene ankazikonda zinali zitatu, ndipo ndizitchula mmene iye ankazisanjira: njinga yake yamoto, mwana wake Charlene, kenako mkazi wake Dolores. Dolores ankadziwa malo ake ndipo sankadandaula. Ankangoti, "Bola ine sindidontha oyilo pabalaza."

Njingayo inali yakuda, yopangidwa konkuno ku America m'chaka cha 1956, yolemera ngati ng'ombe. Kuti ilire unkachita kuiponda ndi thupi lonse, ndipo tsiku loti yadzuka ndi mkwiyo inkabweza mwendo mpaka bondo kutupa. Pamene yagona m'mawa pankapezeka kadziwe ka oyilo. Ukamuseka, Bernie ankati, "Ndi thukuta limenelo, aise. Chogwira ntchito chimatuluka thukuta."

Charlene anakulira m'galaja. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ankadziwa masipanala onse, ndipo bambo ake akangotambasula dzanja iye ankaikamo sipanala yoyenera asanauzidwe. Bernie ndi amene anamuphunzitsa kukwera njinga. Ndi iyenso amene anamuphunzitsa moni wathu wa pamsewu: ukakumana ndi wanjinga mnzako, umachotsa dzanja lamanzere pa handulo n'kulitsitsa m'munsi, zala ziwiri zitaloza pansi. Ndinamumva ndi makutu angawa akumuuza kuti, "Moni umenewu sumana munthu, mwanawe. Mawa ndiwe udzagone m'ngalande, ndipo adzaime ndi yemweyo."

Kenako mu 1977 fakitale inatsekedwa. Amuna zikwizikwi tinangopezeka tili pakhonde masanasana, manja ali m'matumba. Munthu akapsa mtima amafuna pomenya, ndipo ife tinapeza Ajapani, ati katundu wawo wotchipa ndi amene watilanda ntchito. Zitsulo zawo, magalimoto awo, ndi tinjinga tawo tija tolira ngati udzudzu, tomwe tinkangofuna kudina batani basi talira. Tinkati ndi mashini osokera zovala. Tinkati tinjingato timayendera mpunga m'malo mwa petulo. Pagulu lathu la anthu khumi ndi awiri panalibe amene anaimirira n'kukhazikitsa lamulo, koma tonse tinasiya kupatsa moni aliyense wokwera njinga yachijapani. Tinkangowadutsa maso ali gwa kutsogolo, ngati tadutsa mtengo wa magetsi. Ndinganene chiyani, tinali zitsiru zolusa.

Charlene atakwanitsa zaka makumi awiri anapeza ntchito yosamalira odwala m'tauni ya Warren. Ankafuna chokwera choti chizilira m'mawa uliwonse, mvula kapena chisanu, popanda kuchinyengerera. Anagula kanjinga kachijapani kobiriwira, kogwiritsidwapo kale ntchito. Tsiku limene anabwera nako ndinalipo.

"Chimenechi n'chiyani?" anafunsa Bernie.

"Njinga, adadi. Mukuona ngati ndi mbuzi?"

"M'galaja mwangamu sichilowa."

"Chabwino, kagona pansi pa mtengo. Sikadontha thukuta, sikawononga kapinga wanu."

Ine ndinaseka. Bernie sanaseke. Kanjingako kanagona pansi pa mtengo chilimwe chonse, katafunda tenti yakale.

Tsiku lenilenilo linali Lamlungu m'mawa, mu Ogasiti 1982. Gulu lonse tinali pa ulendo wopita kunyanja yaing'ono kukawotcha nyama, Bernie ali patsogolo, ine pambuyo pake penipeni. Msewu unali wowongoka, dzuwa lili phwee. Patali tinaona kanjinga kobiriwira kakubwera. Anali Charlene akuchokera kuntchito, yunifolomu yoyera ikuonekera pansi pa jekete. Anatizindikira, anachepetsa liwiro, ndipo anatsitsa dzanja lamanzere, zala ziwiri pansi, ndendende mmene bambo ake anamuphunzitsira.

Ndinaona phewa la Bernie likugwedezeka pang'ono. Dzanja linafuna kupita. Koma kumbuyo kwake kunali amuna khumi ndi mmodzi akuyang'ana, ndipo dzanjalo linakakamira pa handulo. Anamudutsa mwana wake ngati sakumudziwa. Ine ndinamudutsanso. Mwana amene ndinamunyamula pa ubatizo wake, ndinamudutsa. Pagalasi ndinaona dzanja lake likadali m'munsi mpaka womaliza wa ife atapitirira.

Sipanakhale mkangano, ndipo mwina zikanakhala bwino ukanakhalapo. Charlene sanafunse, Bernie sanapepese. Masamba a mitengo atayamba kugwa, mtsikanayo anamangirira chikwama kumbuyo kwa kanjinga kake n'kupita ku Oregon, kumalekezero a dziko. Ankaimba foni Loweruka lililonse, koma akayankha ndi Bernie ankangoti, "Amayi alipo?" Dolores atamwalira anabwera pa ndege, anakhala masiku awiri, anagwirana chanza ndi bambo ake ngati anthu odziwana kutchalitchi, n'kubwerera.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti nkhondo yathuyo inangotha yokha, osatiuza n'komwe. Patapita zaka, pa zionetsero za njinga zakale, tinjinga tachijapani tija tinayamba kuimikidwa pafupi ndi zathu, ndipo madala omwe aja ankatukwana tinjingato ankatisisita n'kumati, "Eee, koma kameneka kanali kolimba." Mmodzi wa gulu lathu anagula kake, ati bondo latha. Anthu onse anali atayambiranso kupatsana moni pamsewu. Wotsala pankhondo anali Bernie yekha, m'nyumba ya zipinda zitatu, akudya msuzi wa m'chitini ataimirira.

Ndinamuuzapo kangapo. "Iwe Bernie, foni ili apo. Kupepesa sikuthyola nthiti."

"Ndizikanena kuti chiyani? Pepa chifukwa cha dzanja? Adzandiseka."

"Akuseke. Iweyo ndi ndani woti sungasekedwe?"

"Khala chete, Lou. Nawenso sunatsitse lako."



Sitiroko inamugwira Bernie mu Januwale 2010. Inatenga mbali yonse ya kumanzere: mwendo, theka la pakamwa, ndi dzanja. Atatuluka m'chipatala ankabwera mayi wina wophunzitsa odwala kugwiritsanso ntchito ziwalo. Tsiku loyamba mayiyo anamufunsa kuti, "Bambo Hudak, tiyambire pati? Mukufuna muzitha kumanga mabatani a malaya, kapena kugwira kapu?"

Bernie anayankha movutikira, mawu akutuluka mbali imodzi. "Zala ziwiri. Izi. Ziwongoke basi."

Mayiyo sanamvetse, koma ine ndinatuluka panja kukaona ngati galimoto yanga ndinakhoma. Sindinafune kuti andione ndikulira.

Miyezi inayi anailimbana nayo ntchito imeneyo. Ankakhala pakhonde atafunda bulangete, kampira kali m'manja, akufinya ndi kutambasula, thukuta lili chuchuchu pamphumi ngati masiku aja tili pa ng'anjo. Ankazitukwana zalazo ngati antchito aulesi. Mu Epulo chala chimodzi chinawongoka. Mu Meyi chachiwiri chinatsatira, chikunjenjemera. Kuyambira pamenepo njinga iliyonse yodutsa pamsewu, kaya ndi yathu kaya yachijapani, kaya ndi kamnyamata kopereka zakudya m'makomo, Bernie ankagwetsa dzanja pambali pa mpando n'kuwongola zala zake ziwiri. Ambiri sankamuona n'komwe.

Tsiku lina anati, "Lou, muimbire Charlene. Umuuze kuti ndakonzeka."

Ndinaimba. Charlene anati, "Ankolo Lou, kanjinga kaja ndikadali nako. Ngati ndikubwera, ndibwera pa komweko. Akaone kakulowa m'galaja mwawo."

"Mwana wanga, ulendo umenewo ndi wautali. Kanjingako n'kokalamba."

"Adadi ali bwanji? Pali changu?"

Apa ndiye pamene ndinalakwa kachiwiri. Ndinati, "Ayi, akupeza bwino. Bwera pang'onopang'ono." Ndinkanena zoona mmene ndinkaonera ine. Koma kuuma mutu kwa mtsikanayo ndinkakudziwa, n'kwa bambo ake komwe, ndipo ndikanangomuuza kuti akwere ndege.

Ananyamuka Lolemba. Bernie ankawerengera masiku ndi kundifunsa kuti pano wafika pati. Anandituma kuti ndisese m'galaja, ndisunthe njinga yake yakuda ipite kukhoma, pakati patsale malo. Lachinayi masana ndinamupeza pampando wake pakhonde, mutu utaweramira pachifuwa, kampira katagwera pansi. Anali atatisiya. Charlene anali ku Nebraska. Anafika Loweruka madzulo, nkhope itapsa ndi mphepo, tsitsi la imvi litamatirira ndi thukuta. Ndinamuuza zonse, za kampira, za zala, za galaja. Sanalire. Anangolowetsa kanjinga kake pamalo paja, n'kukhala pansi pa simenti pakati pa njinga ziwirizo. Madzi akatayika saoleka.

Pa tsiku la maliro, pa gulu lija la anthu khumi ndi awiri tinali titatsala anayi. Tinatulutsa njinga zathu zakale, tinathandizana kuziponda mpaka zinalira, ndipo tinandanda kumbuyo kwa galimoto ya maliro. Charlene sanaoneke m'galimoto ya abale. Ndinaganiza kuti mwina zamukanika.

Tinamupeza pa msewu wowongoka uja, womwe umapitanso kumanda. Anali ataima tsidya linalo, atakwera kanjinga kake kobiriwira, kakuyang'ana kumene ife tinkachokera, injini ikulira pang'onopang'ono. Galimoto yonyamula bambo ake itayandikira, anachotsa dzanja lamanzere pa handulo n'kulitsitsa, zala ziwiri pansi.

Galimotoyo inadutsa. M'katimo manja a Bernie anali atawapinda pachifuwa.

Ine ndinatsitsa langa. Anzanga atatu aja anatsitsanso awo, mmodzi mpaka njinga inafuna kumugwetsa. Koma Charlene sanatiyang'ane. Maso ake anali pa galimoto ija, ndipo pagalasi ndinaona dzanja lake likadali m'munsi, likudikira.