Chimbale Chomwe Chinaliritsa Mphaka Wanga

Nyimbo za okestra ndimazidziwa moti woyimba vayolini akaphethira ndimamva. Limenelo ndi bodza, aphwanga. Katswiri ndi aneba anga, okonza mawotchi. Iwo akaika singano pa chimbale, ngakhale ntchentche imayenda monyang'ama. Amatsinzina, chala m'mwamba, n'kumati, "Khutu silithamanga." Loweruka lililonse amandibwereka chimbale chimodzi, ndipo wobweza osamvetsera amamulanda mpando wa pafupi ndi sipika.

Sabata yatha ndinabweza changa ndikuchemerera. "Achimwene, piyano imeneyi! Mphaka wanga anagwetsa misozi, ketulo inasiya kuwira kuti imve nawo."

Anasuzumira m'chikuto, n'kuloza galamafoni yawo. "Mphaka wanuyo makutu ali nawo ndithu. Munatenga chikuto chokha, chimbale chagona apa sabata yonse."